Momwe mungawerengere bodi ya Land Rover yakale musanaikhudze ndi gulayindala

Land Rover yakale ikalowa m'galaji kuti ikonzedwe bodi, zida zoyamba kutuluka zimakhala gulayindala ndi chitini cha fila, phala lija lodzazira maenje a pa bodi. Sabata isanathe, timaenje tonse ta m'mbali tadzazidwa, mabowo ooneka ngati opanda ntchito atsekedwa, zitsulo zotuwa za pamwamba pa bodi zapakidwa penti. Galimoto imatuluka ikunyezimira. Dzinja lachiwiri likamatha fila wayamba kung'aluka, zitseko zikusunga madzi kunsi, ndipo munthu wodziwa magalimoto amenewa akaiona amazindikira nthawi yomweyo kuti zambiri za kufakitale zinafafanizidwa.

Vuto si ulesi wa okonza. Galimoto imeneyi inapangidwa mosiyana ndi magalimoto amene timawongola tsiku ndi tsiku, moti zinthu zambiri zooneka ngati chilema ndi mmene inatulukira kufakitale yake ya ku Solihull, ku England. Malangizowa ndi a Series II, IIA ndi III, zija zinkagwira ntchito kuboma, kumishoni, kuzipatala ndi m'maesiteti a tiyi, zomwe zina mpaka lero zili pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba. Chofunika ndi chimodzi: chilichonse chodabwitsa pa bodi muchidziwe kaye ngati ndi cha kufakitale, cha munthu amene anakonzapo kale, kapena ndi kuwonongeka. Musanayankhe funso limenelo, musadule, musadzaze, musawotcherere.

Zofunika kukhala nazo

- Maginito aang'ono, okutidwa ndi kansalu kuti asakande penti
- Tochi yowala bwino ndi kagalasi koonera m'makona
- Foni yojambulira, kope ndi cholembera
- Choko kapena tepi ya pepala yolembapo
- Tepi yoyezera ya mainchesi ndi masentimita, komanso chingwe chopyapyala chotalika kuposa galimoto
- Ndowa, sopo, burashi ya pulasitiki, ndi parafini wochotsera girisi
- Chopalira cha pulasitiki kapena cha thabwa
- Kawaya kofewa kotokosera mabowo
- Timatumba tosungira mabawuti ndi mawashala, kalikonse ndi kapepala kake
- Masipanala a mainchesi pamodzi ndi a mamilimita, chifukwa magalimotowa ali ndi mabawuti a miyezo yakale ya ku Britain, ndipo okonza a pambuyo pake anasakanizamo ena
- Buku la ziwalo la mtundu wa galimoto yanu, lija la zojambula zoonetsa bawuti iliyonse ndi malo ake
- Magalasi oteteza maso, magolovesi ndi chophimba mphuno

Gulayindala ndi makina owotcherera sizili pamndandandawu dala. Nthawi yake idzafika mukamaliza kuwerenga bodi.

1. Tsukani, koma musapale

Tsukani ndi madzi, sopo ndi burashi ya pulasitiki, pamwamba ndi pansi pomwe. Dothi lofiira louma limabisa mabowo otulutsira madzi, ndipo girisi wosakanikirana ndi fumbi amakwirira manambala. Pamene pali girisi wouma pakani parafini, dikirani pang'ono, nkupala ndi thabwa.

Chenjezo: musagwiritse ntchito soda wa kositiki, uja ena amapangira sopo. Pa chitsulo amachotsa penti bwino, koma aluminiyamu amamudya, ndipo akalowa m'mipata ya maliveti amapitiriza kudya inu mutachoka. Burashi ya waya wachitsulo nayonso isakhudze aluminiyamu, chifukwa imasiya tizidutswa ta chitsulo timene timayambitsa kuwola pansi pa penti watsopano.

2. Dziwani kuti galimoto yanu ndi iti

Simungaweruze kuti ichi ndi cha kufakitale ngati simukudziwa kuti fakitale inatulutsa chiyani chaka chimenecho. Series II inayamba mu 1958, IIA mu 1961, ndipo Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Yezani kuchoka pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo: yaifupi ndi mainchesi 88, yaitali 109.

Nambala ya chesisi ili pa kachitsulo kokhomedwa pa bulkhead, khoma lija lolekanitsa injini ndi okwera. Inadindidwanso pa chesisi penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja, pa chitsulo chogwira sipuling'i. Tsukani pamenepo ndi parafini, pakani choko, nkupukuta pamwamba: choko chotsalira m'mizere chimaonetsa manambala. Pa IIA ndi Series III zambiri nambalayo imathera ndi chilembo, ndipo buku la ziwalo limagwiritsa ntchito chilembo chimenecho posonyeza pamene zinthu zinasintha. British Motor Museum ya ku Gaydon imasunga mabuku a kufakitale, ndipo imapereka chikalata chonena tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti wake ndi kumene inatumizidwa. Dziwaninso kuti zina zinkatumizidwa zili m'zidutswa nkukamangidwa m'maiko ena, monga ku South Africa, choncho tinthu tina timasiyana ndi za ku England.

Kenako yerekezani ndi zimene maso akuona:

- Nyali zazikulu zili pakati, pambali pa giriro? Ndi mmene zinalili mpaka cha m'ma 1968 ndi 1969, pamene zinasamukira pa madigadi.
- Giriro ya waya ndi ya II ndi IIA. Ya pulasitiki ndi ya Series III.
- Mamita ali pakati pa dashibodi yachitsulo pa II ndi IIA. Pa Series III ali kutsogolo kwa dalaivala.
- Mahinjesi a zitseko otukuka kunja ndi akale, ophwatalala ndi a Series III.

Musadabwe zikapanda kugwirizana. Ziwalo za magalimotowa zimalowana kwambiri, ndipo kuno galimoto imodzi inkadya zinzake ziwiri kapena zitatu kuti ikhalebe pamsewu. Chesisi ya IIA, madigadi a Series III, chitseko cha galimoto ina: zimenezi nzofala. Lembani chiwalo chilichonse ndi mtundu wake, chifukwa bowo losamveka pa madigadi mwina limamveka bwino pa galimoto imene madigadiwo anachokera.

Chenjezo: nambala ya pa chesisi isagulayindidwe, isawotchereredwe, isakwiriridwe ndi penti wokhuthala. A Road Traffic amaifuna kuti igwirizane ndi mapepala a galimoto. Ngati chitsulo cha pamenepo chadyeka moti chikufunika kusintha, kafunseni kaye musanadule.

3. Yendetsani maginito pa bodi yonse

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Anazolowera kuti pomwe maginito sakugwira pali fila, ndiye akaona kuti sakugwira pa chitseko chonse amayamba kupala kufunafuna chitsulo. Palibe. Madigadi, khungu la zitseko, denga, khungu la boneti ndi bodi yakumbuyo ndi aluminiyamu wosakaniza ndi magineziyamu, amene ankatchedwa Birmabright. Chitsulo chili pa chesisi, pa bulkhead, pa mafulemu a mkati mwa zitseko ndi a pansi pa boneti, ndi pa zitsulo zotuwa zophimba m'mphepete mwa bodi.

Lembani ndi choko: A pa aluminiyamu, C pa chitsulo. Tsopano maginito ayamba kukuuzani zoona. Akapanda kugwira pa bulkhead, makamaka m'makona a pamwamba, pa mizati yogwira mahinjesi, ndi popondera mapazi, pamenepo pali fila wobisa dzimbiri. Akagwira pakati pa mbali ya bodi yakumbuyo, pomwe payenera kukhala aluminiyamu, wina anaikapo chigamba cha lata.

Pa aluminiyamu fila mumamupeza ndi khutu ndi tochi. Gogodani ndi chikhadabo: aluminiyamu wopanda kanthu amalira mopepuka, pomwe pali fila pamamveka ngati mukugogoda thabwa lonyowa. Madzulo gonekani tochi m'mbali mwa bodi kuti kuwala kuyende motsetsereka. Pomwe pasalala kwambiri kuposa malo ozungulira mpokayikitsa.

4. Jambulani, ndipo funsani mafunso anayi

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, jambulani chilichonse chodabwitsa, pafupi ndi patali, tepi yoyezera ili pambali pake. Kenako chifunseni:

Kodi chilinso mbali inayo, pamalo omwewo? Za kufakitale kawirikawiri zimakhala ziwiriziwiri.

M'mphepete mwake muli bwanji? Bowo la kufakitale linabooledwa ndi makina osindikiza, ndi losalala mbali zonse, lozungulira bwino kapena lotalika mwadongosolo. La diliro ya pamanja limasiya timinga kuseri, ndipo nthawi zambiri silili pamzere.

Penti woyamba analowamo? Palani pang'ono ndi chopalira mpaka mufike pa penti wapansi penipeni. Ngati wakuta m'mphepete mwa bowo, bowolo linalipo galimoto isanapentedwe. Ngati m'mphepete muli penti wa pambuyo pake yekha, linabooledwa pambuyo pake.

Buku la ziwalo likuonetsa chiyani pamenepo? Nthawi zambiri mupeza kuti pankalowa labala, kachitsulo kotsekera, kapena chiwalo chimene wogula woyamba sanachifune.

Ngati pafupi pali Land Rover inzake ya zaka zomwezo, pitani ndi foni mukayerekeze. Amakaniko achikulire amene anagwirapo magalimoto a boma kapena a m'maesiteti amadziwa zambiri za mabowowa pamtima. Pitani ndi chithunzi, mukhale nawo pansi.

5. Timaenje ta m'mizere ndi maliveti

Yang'anani m'mbali mwa bodi yakumbuyo, pa madigadi ndi m'mphepete mwa zitseko. Muona timaenje tozungulira, tating'ono ngati njere ya nandolo, tili pamzere ndipo totalikirana mofanana. Sizinagundidwe. Ndi pomwe makina a kufakitale anapanikiza mapepala awiri a aluminiyamu nkuwaphatikiza ndi magetsi, ndipo a Rover, kampani yopanga magalimotowa, ankangopaka penti pamwamba osabisa. Kuseri kwa mzere uliwonse mupeza kachitsulo kolimbitsa kapena mpendero wa chiwalo china. Pisani dzanja muone.

Ndimalimbikira pamenepa chifukwa pa galimoto yoyamba imene ndinathandiza kukonza tinadzaza timaenje tonse ta mbali imodzi, ntchito ya masiku atatu. Aluminiyamu wopyapyala amavinavina galimoto ikamayenda pamsewu wafumbi, pomwe fila ndi wouma. Pasanathe chaka, enje lililonse linali ndi kamng'alu kozungulira. Kumuchotsa fila uja kunatenga nthawi yoposa imene tinamuikira, ndipo sandipepa anadya aluminiyamu amene sitikanatha kubwezera.

Kusiyanitsa kwake nkosavuta. Enje la kufakitale lili pamzere ndi anzake, ndi lozungulira, ndipo kuseri kuli chogwira. Logundidwa lili lokha, lilibe maonekedwe enieni, kuseri kwatukuka. Mafunde aang'ono amene amaoneka pakati pa mizereyo nawonso ndi a pachiyambi. Magalimotowa sanatulukepo osalala ngati galasi.

Chowonongeka chenicheni ndi ichi: enje limene lang'ambika pakati, kapena pomwe mapepala awiri aja alekana moti mukakankha ndi chala akusuntha paokha. Pamenepo boolani bowo laling'ono nkumanga ndi liveti ya aluminiyamu, kapena pitani kwa wodziwa kuwotcherera aluminiyamu.

Maliveti a kufakitale alipo a mitundu iwiri: a mutu wozungulira osaboola pakati, amene amakhomedwa munthu wina atagwiriza chitsulo kuseri, ndi okoka ndi pulayala aja a bowo pakati. Onse awiri ndi oyenera, aliyense pamalo pake, choncho jambulani musanachotse. Mukapeza masikuluwu, mabawuti a denga la nyumba, kapena maliveti achitsulo ochita dzimbiri, ndi ntchito ya pambuyo.

6. Mabowo: aliwonse ndi ntchito yake

Gawo ili ndi lalitali chifukwa mabowo ndi amene amavutitsa kwambiri.

*Otulutsira madzi.* Ali kunsi kwa mafulemu a zitseko ndi pansi pa chesisi. Madzi amalowa m'chitseko kudzera m'njira za magalasi, ndipo palibe labala amene angawaletse kotheratu. Ayenera kutuluka pansi. Tokosani ndi waya mpaka dothi ligwe, thirani madzi pamwamba, muone ngati akudontha. Mukatha kupenta tokosaninso, chifukwa penti amatseka. Chesisi ndi bokosi lachitsulo lotsekeka, ndipo imawola kuchokera mkati matope akamagona mmenemo. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowo mpaka otuluka akhale oyera.

*Bowo la pakati pa bampala.* Ndi lolowetsera hendulo yolizira injini pamanja batire likafa. Suzumirani: likulunjika pa mutu wa injini. Kuseri kwa mipando mungapeze tizitsulo topanira pomwe henduloyo inkakhala.

*Bowo lalikulu pa mtanda wakumbuyo wa chesisi.* Si dzimbiri ndipo si pokokera ngolo. Land Rover inapangidwa kuti izigwiranso ntchito za pamunda, ndipo pamenepa pankadutsa shafuti yochokera ku giyabokisi yoyendetsera makina monga mpope kapena macheka. Kachitseko kali pansi pa mpando wapakati kamakufikitsani pamwamba pa giyabokisi, pomwe zida zimenezi zinkamangidwa.

*Mabowo a mbali ya wokwera ofanana ndi a mbali ya dalaivala.* Fakitale inkagulitsa kumaiko oyendetsera kumanzere monga kwathu kuno ndi oyendetsera kumanja omwe, choncho ziwalo zina zinapangidwa zoti chiwongolero chikhoza kukhala mbali iliyonse. Mbali yosagwiritsidwa ntchito inkatsekedwa ndi labala kapena kachitsulo komangidwa ndi masikuluwu. Chotsekeracho chikasowa, fumbi ndi utsi wa injini zimalowa mkati. Bwezerani chotsekera, osati kuwotcherera.

*Mabowo a pa zitsulo zotuwa ndi tingowe ta m'mbali.* Ngakhale galimoto yanu ili ndi denga lolimba, bodi yapansi inapangidwa yolandiranso tenti. Mabowowo ndi oimikamo zitsulo za tenti kapena omangira denga, tingoweto ndi tokolowekamo chingwe. Denga limachoka ndi mabawuti, theka lapamwamba la chitseko chakutsogolo limachoka mukamasula manati awiri, ndipo galasi lakutsogolo limagonekedwa pa boneti.

*Mabowo a pansi pa fulemu ya galasi lakutsogolo.* Mpaka 1967 waipa iliyonse inali ndi kamota kake pa fulemu ya galasi. Pambuyo pake anaika mota imodzi m'dashibodi. Fulemu yakale ikaikidwa pa galimoto yatsopano, mabowo aja amatsala poyera.

*Tizitseko tiwiri ta pansi pa galasi.* Ndi tolowetsa mphepo, ndipo tinakhalapo mpaka pa Defender, Land Rover ya pambuyo pake, kufika 2007. Tikamadontha vuto ndi labala wozungulira kapena dzimbiri la m'mphepete. Ena amatimata ndi silikoni, nkudzamva kutentha kwa Okutobala ali ku Chikwawa. Sinthani labala.

*Denga la zigawo ziwiri.* Pa station wagon zambiri pali chidenga china pamwamba pa denga, chosiya mpata, ndi timazenera ta mphepo mkati. Ndi la kumaiko otentha: dzuwa limawomba chapamwambacho, mphepo nkumadutsa pakati. Mpatawo musautseke, ndipo musamange katundu wolemera pamenepo.

Mabowo otsala, amene alephera mafunso anayi aja, ndi a wailesi, nyali zowonjezera, zikwangwani ndi zina za eni ake akale. Amenewo mungatseke. Pa aluminiyamu bowo laling'ono limatsekeka bwino ndi liveti kapena labala kusiyana ndi moto.

7. Zitsulo zotuwa ndi ufa woyera

Zophimba m'mphepete mwa bodi yakumbuyo ndi makona ake, fulemu ya galasi ndi bampala ndi chitsulo choviikidwa mu zinki, monga malata a denga. Zinkatuluka zosapentedwa, zotuwa, zamawangamawanga. Tsukani ndi sopo ndi burashi yofewa basi. Mukazipala ndi sandipepa kuti ziwale mwachotsa chimene chimaziteteza. Ngati dzimbiri lofiira latulukira, zichotseni pobowola maliveti nkuzitumiza kokaviikanso, kapena pakani penti wa zinki ngati kutero sikutheka.

Chenjezo: utsi wa zinki powotcherera umadwalitsa. Munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi usiku wake. Palani zinki pamalo owotchererapo, gwirani ntchito panja, mphepo ikuchoka kwa inu.

Tsopano fufuzani ufa woyera ndi matuza a pansi pa penti. Muwapeza kunsi kwa zitseko, pozungulira mabawuti achitsulo, ndi pomwe bodi imakhala pa chesisi. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma akakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, iye ndi amene amadyeka. Ichi si cha kufakitale ngakhale chimapezeka pa galimoto iliyonse. Ndi chifukwa chake tizidutswa ta labala kapena ta nsalu yolimba timene mupeze pakati pa bodi ndi chesisi si zinyalala. Timaletsa kukhulana ndi kukhudzana. Pomanganso, paliponse pomwe zitsulo ziwirizi zikukumana pakhale penti ndi cholekanitsa, kaya labala wopyapyala, tepi kapena phala lomatira.

8. Mawashala owunjikana ndi mipata ya zitseko

Mukamamasula mupeza mawashala atatu mbali iyi, imodzi mbali inayo, tizitsulo topyapyala kuseri kwa hinjesi, ndi mabowo otalika m'malo mwa ozungulira. Musafulumire kunena kuti ndi zachinyengo za m'galaji. Bodi imeneyi ndi zidutswa zomangidwa pa chesisi ndi mabawuti, ndipo inkalinganizidwa ndi manja. Werengani mawashala a malo alionse, lembani, ikani m'kathumba kakekake.

Pomanganso tsatirani dongosolo ili. Yambani ndi bodi yakumbuyo, ikhale pakati pa chesisi, chifukwa zina zonse zimayezedwa kuchokera pa iyo. Imikani bulkhead pa mabawuti ake awiri aatali apansi, osamangitsa. Yezani mpata wa chitseko, pamwamba ndi pansi, mbali zonse ziwiri: ukhale pafupifupi masentimita 88, ndipo chofunika kwambiri nchakuti miyezo inayiyo ifanane. Kokani chingwe motsata mzere wa pomwe bodi imayambira kupindika, kuchoka kumbuyo kufika kutsogolo. Bodi yakumbuyo, chitseko ndi bulkhead zikhale pachingwe chimodzi. Kenako zitseko, ndiye madigadi, boneti pomaliza. Mumange zonse zikagwirizana.

Mipata yake ndi yotakata kuposa ya galimoto ya masiku ano. Cholinga ndi chakuti ifanane mbali zonse ndi kuti chitseko chizitseka osachimenya. Chitseko chikagwa kumbuyo yang'anani kaye mahinjesi ndi mzati wa bulkhead. Osadula m'mphepete mwa chitseko kuti chilowe.

9. Pomwe pagundidwadi, wongolani mwa aluminiyamu

Aluminiyamu akamamenyedwa amauma, nkuyamba kung'ambika. Muyenera kumufewetsa ndi moto kaye, koma iye safiira ngati chitsulo: amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 osakuchenjezani. Chotsani penti pamalopo, pakani sopo wa mtanda, tenthetsani kuseri ndi lawi lofatsa mukuliyendetsa. Sopo akada, chotsani moto, dikirani pazizire. Menyani ndi nyundo ya thabwa kapena ya labala, mutagwiriza thabwa kuseri. Mukamva kuti payambanso kulimba, bwerezani.

Chiwalocho chichotseni pa galimoto musanayatse moto. Pa 88 ndi 109 zina thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wakumanja, ndipo pa 109 station wagon ili kumbuyo.

Popenta, aluminiyamu wosapentedwa amafuna etch primer, penti wapansi womatirira pa aluminiyamu, poyamba, apo ayi penti amasupuka ngati khungu la anyezi. Mtundu weniweni wa galimoto muupeza pomwe dzuwa ndi opaka penti sanafike: kuseri kwa dashibodi, pansi pa mahinjesi, mkati mwa bokosi la zida pansi pa mpando. Mitundu yofala inali Bronze Green, Marine Blue, Pastel Green ndi Limestone, ndipo madenga ambiri anali Limestone ngakhale bodi ili ya mtundu wina.

Ngati yanu ndi ya bodi yachitsulo

Mafunso anayi aja amagwira pa galimoto yakale iliyonse, koma pali zowonjezera. Magalimoto ambiri achitsulo a zaka zimenezo ankasalazidwa ndi mtovu kufakitale pomwe denga limakumana ndi mizati. Maginito sagwira bwino pamenepo, ndipo mukakanda ndi mpeni pamawala ngati siliva, pofewa. Ngati sipanatukuke, siyani. Mtovu usapalidwe ndi makina, fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana. Pa Mini yakale mipendero yotulukira kunja m'makona a bodi ndi pomwe ziwalo zinaphatikizidwa, ndipo kuidula kumafooketsa galimoto. Pa Volkswagen Beetle kamzere ka labala pakati pa madigadi ndi bodi kayenera kukhalapo, pamenepo si podzaza fila.

Zolakwa zofala

Kuyamba ndi penti bulkhead ili yowola. Bulkhead imanyamula chiwongolero, mapedulo, zitseko ndi galasi. Ikonzedwe poyamba, pamodzi ndi chesisi, ngakhale ndalama za penti zithere pamenepo.

Kutaya ziwalo zakale ntchito isanathe. Chiwalo chatsopano chogula nthawi zambiri chimabwera chopanda mabowo ena, ndipo chakalecho, ngakhale chowola, ndiye chokuuzani pobowola. Aluminiyamu wa chitseko chakufa amathandizanso: mumadulapo zigamba, ndi timizere towotcherera nato ta mtundu womwewo. Musagulitse kwa opanga mapoto galimoto isanayende.

Kumasula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Siyani mbali imodzi ili chimangire kuti muzionera.

Kupala aluminiyamu ndi gulayindala kapena kumuwombera mchenga mwamphamvu. Amatentha, amapindika, amapyapyala. Gwiritsani ntchito mankhwala ochotsera penti olembedwa kuti ndi oyenera aluminiyamu, ndi sandipepa wosalala wa pamanja.

Kukakamiza sipanala ya mamilimita pa nati ya mainchesi. Mutu ukazungulira mumayamba kudula, ndipo podula mumavulaza bodi. Thirani mafuta omasulira dzulo lake.

Kukhulupirira chithunzi chimodzi cha pa intaneti. Galimoto ya pachithunzi mwina nayonso inakonzedwa molakwika, kapena ndi ya chaka china ndi msika wina. Yerekezani zitatu kapena zinayi, ndipo buku la ziwalo likhale loweruza.

Kumata mpata uliwonse ndi silikoni kuti fumbi lisalowe. Amatsekera madzi mkati, ndipo penti sagwira pomwe iye wadutsa. Fumbi limalowera pa malabala otha a zitseko, a tizitseko ta mphepo, ndi a pozungulira magiya. Sinthani amenewo, ndipo mabowo a kunsi kwa zitseko akhale otsegula.